Aise, za mafilimu zija sitinamalize

Aise,

Ndikhulupilira uli bwino ku Joni konko, kuno tilipo. Tsiku lija bandulo inatha tili mkati mokangana, iwe ukuti mafilimu a zilombo ndi a zamumlengalenga ndi za ana, munthu wamkulu aziwonera zinthu zoti zingachitikedi. Ine sindinakhutire ayi.

Tenga filimu ya William Kamkwamba ija, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019. Nkhani yeniyeni, ya ku Wimbe ku Kasungu, njala ya 2001 mpaka 2002 yomwe tonse timaikumbuka. Umayembekezera kuti ulowamo mutu ndi miyendo, koma ine poyambilira ndimangokhala ngati mphunzitsi ali ndi bolopeni yofiira, kumvetsera mmene Chiwetel Ejiofor, wosewera bambo ake a William, akutchulira Chichewa, kenako mnyamata wosewera William uja ndi wa ku Kenya, lilime likumveka kuti silakwathu, ndiye mmalo momva chisoni ndikungoseka. Vuto la filimu ya zinthu zomwe umazidziwa ndilomwelo, kalikonse akaphonya khutu lako limagwira pompo. Inadzandigwira mochedwa, pomwe banja lija linayamba kudya kamodzi patsiku, anthu akukanganirana chimanga pa depoti, galu wa William uja Khamba nkufa. Pamenepo ndinasiya zoseka, ndinaona mayi anga akugawa nsima ya gaga ndi maso, kuwerenga mitu yathu iwo nkunamizira kuti adya kale.

Tsono The Lord of the Rings, dziko lopeka lopanda ndi pa mapu pomwe, tianthu tamapazi aubweya. Kumeneko palibe choti ndichonge chifukwa sindidziwa kuti kwawoko amayankhula bwanji, ndiye ndimangotsatira anthuwo basi. Mu gawo lomaliza la 2003 Frodo, yemwe wanyamula mphete yamatsenga kuti akaiwononge, watheratu paphiri, mnzake Sam nkumubereka kukwera naye. Aise, aliyense amene anadikilirapo matenda kuchipatala, kugona pansi pa bedi, kumutembenuza m'bale wake usiku, amamudziwa Sam ameneyo. Mpheteyo kaya ndi yamatsenga zilibe kanthu.

Komanso usaiwale tinakulira pa "padangokhala... tili tonse". Kalulu ankayankhula, fisi ankapita kukafunsira mbeta, ndipo palibe anadzukapo pamoto paja kunena kuti agogo izi ndi zabodza. Tinkadziwa kuti fisiyo ndi malume ena ake adyera a mmudzi momwemo.

Pomwe ndikugwirizana nawe ndi pa mafilimu ongophulitsa zinthu aja, maola awiri nyumba zikugwa, ngwazi yake siimva njala, ilibe ngongole, siopa kanthu. Amenewo ndimagona nawo ndithu, bola akhale otanthauzilidwa mu Chichewa ndi ma DJ athu aja, apo ndiye ndimaonera nthabwala zake.

Ukapeza mpata Lamulungu uonere ya Sam ija mpaka kumapeto, usadumphe, kenako undiimbire tikanganenso. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kale uja.