Bwezerani IP yathu: mafoni a maofesi athu a Dedza ndi Ntcheu sakumvana

Zikomo akuluakulu a kampani imene imatigulitsa intaneti. Ndalemba pano pagulu osati pofuna kukuchititsani manyazi, koma chifukwa ku nambala yanu ya makasitomala ndaimbako mpaka achemwali a kumeneko ayamba kundizindikira mawu ndisanatchule dzina. Iwowo ndilibe nawo mlandu, amayankha mwaulemu ndithu. Vuto ndi lakuti chimene ndikudandaula sichinalembedwe pa pepala limene amawerenga, ndipo kwa anthu amene angachimve simukundifikitsako.

Ine ndimayang'anira maakaunti ndi za muofesi pa bizinesi yogulitsa zipangizo za ulimi: feteleza, mbewu, mankhwala a m'munda ndi a ziweto. Ofesi yaikulu ili pa boma pa Dedza, shopu yachiwiri ndi mosungira katundu zili pa Ntcheu, ndipo pa Lizulu tili ndi kashopu kothandiza alimi a mbatata ya kachewere ndi kabichi. Pa Dedza tili ndi bokosi la mafoni lotchedwa PBX, pa Ntcheu lina. Ntchito yake ndi imene kale ankagwira mayi wa pa switchboard, kulandira foni n'kuilozera pa desiki yoyenera. Mabokosi awiriwa tinawalumikiza kudzera pa intaneti yanu, pa njira imene amisiri amaitcha SIP trunk. Manambala a pa Dedza amayamba ndi 1, a pa Ntcheu ndi 2. Ndikanyamula foni pa desiki yanga n'kudina 203, inkalira kwa abambo oyang'anira katundu ku Ntcheu ngati ali kuseri kwa khoma, pomwe pakati pathu pali mtunda woposa makilomita 70 a msewu wa M1. Mayunitsi sitinkawononga. Mlimi akaimba pa Dedza kufunsa katundu amene ali ku Ntcheu, tinkangomupatsira komweko iye asanadule.

Zinayenda choncho zaka zitatu popanda chovuta, ndipo chinsinsi chake chinali chimodzi. Ofesi iliyonse inali ndi adiresi yakeyake ya pa intaneti yosasintha, static IP, imene timakulipirani mwezi ndi mwezi pa mzere wakewake pa invoyisi. Bokosi la ku Ntcheu linkadziwa khomo logogoda ku Dedza, la ku Dedza linkadziwa la ku Ntcheu, ndipo lililonse tinaliuza kuti lisatsegulire wina aliyense kupatula mnzakeyo.

Kenaka kunabwera anyamata anu awiri pa Dedza, atavala mayunifomu anu, akuti abwera kudzatisinthira rauta poti mukukonza netiweki. Tinawalandira, tiyi anamwa. Atamaliza anatsegula YouTube pa foni, kanema anasewera bwinobwino, ine n'kusaina pepala. Apa ndivomere kulakwa kwanga: ndinasaina ndisanayese kuimba 203. Galimoto yawo isanafike n'komwe pa Linthipe, ku Ntcheu anali ataimba kale pa foni yanga ya m'manja kufunsa ngati kwathu magetsi azima, poti mafoni onse a 1 anali zii.

Kuyambira tsikulo ndatsegula madandaulo asanu ndi limodzi, ndipo manambala ake ndawasunga onse. Yankho limakhala lomwelomwe. Thimitsani rauta, dikirani mphindi ziwiri, muyatsenso. Nyali zikuyaka zobiriwira? Facebook ikutseguka? Ndiye kuti intaneti yanu ili bwino, bwana. Dandaulo n'kulitseka, uthenga n'kubwera pa foni wondithokoza komanso wondipempha kuti ndipereke nyenyezi. Wina mpaka anandilangiza kuti ndikwere phukusi lalikulu, akuti mwina liwiro likuchepa. Akuluakulu, foni imodzi ya mtundu wa G.711, umene timagwiritsa ntchito, siyifika ngakhale 100 kbps mbali iliyonse. Anthu khumi atamaimba nthawi imodzi sangamalize 1 Mbps, ndipo ife pa ofesi yonse anthu sitikwana n'komwe khumi. Liwiro si vuto. Mukundigulitsa mgolo waukulu pomwe chatsekeka ndi mpopi.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tinaitana mnyamata wa ku Lilongwe amene anatiikira mabokosiwa poyamba, tinamulipira thiransipoti ndi tsiku lake, ndipo sanathe ngakhale ola asanapeze chimene chachitika. Ndikulembereni mmene anandionetsera, kuti amene adzawerenge izi mwa amisiri anu asavutike kufunsa.

Choyamba, adiresi yathu ya pa Dedza munaichotsa. Rauta yatsopanoyi ikulandira adiresi yoyamba ndi 100, ya m'gulu lija la 100.64 mpaka 100.127, lomwe ndi la CGNAT. Tanthauzo lake, monga anandifotokozera, n'lakuti mwatilowetsa m'bwalo limodzi ndi makasitomala ena ambirimbiri, tonse tikutulukira geti limodzi, ndipo adiresi imene akunja amationera imasinthasintha. Wongofuna kuonera mpira kapena kutumiza WhatsApp saona kusiyana kulikonse, chifukwa iye amangotuluka. Ife timafuna kuti mnzathu wa ku Ntcheu athe kutipeza, kulowa. Bokosi la ku Ntcheu likugogodabe pa khomo lakale pomwe ife munatisamutsa osatiuza.

Chachiwiri, mu rauta yanuyo muli chinthu chotchedwa SIP ALG, ndipo n'choyatsa. Anachipanga kuti chizithandiza mafoni a pa intaneti kudutsa pa rauta, koma kawirikawiri chimasokoneza, chifukwa chimalembanso maadiresi a mkati mwa mauthenga amene mabokosi amatumizirana. Amisiri ambiri a mafoni otere chinthu choyamba chimene amachita ndi kuchithimitsa. Ndi kabokosi kamodzi kongochotsa chizindikiro, ntchito ya mphindi imodzi. Koma pasiwedi ya admin simunatipatse, ndipo anyamata anu akuti salola kupereka. Pa rauta yakale ija tinkalowamo tokha, port 5060, kakhomo kodutsira mauthenga a mafoniwa, tinatsegula tokha, pamodzi ndi ma port 10000 mpaka 20000 odutsira mawu. Panopa ngakhale titatsegula sizingathandize, poti geti lenileni lili kwa inu, osati m'nyumba mwathu.

Mnyamatayo anayesetsa kuzemba vutoli. Anasintha kuti bokosi la ku Dedza lizikadziwonetsa lokha ku Ntcheu, poti adiresi ya kumeneko simunaikhudze. Mafoni anayambadi kulira, ife n'kusekerera. Koma mawu akuyenda mbali imodzi. Ku Ntcheu amatimva bwinobwino, ife sitiwamva, chifukwa mawu awo akutumizidwa ku adiresi yolakwika. Ndipo iwo akatiimbira, foni imaduka pa masekondi 32. Osati 30, osati 40. Ndakhala ndikuyang'ana wotchi kangapo konse, n'chimodzimodzi. Mnyamatayo atangomva nambala imeneyi anaseka, akuti ndi chizindikiro chodziwika: foni ikayankhidwa, bokosi loyankha limadikira uthenga wotsimikizira, umene amautcha ACK, ndipo ukapanda kufika limabwerezabwereza kufunsa kwa masekondi 32 kenaka n'kudula. Uthengawo ukusochera panjira chifukwa cha adiresi yomweyo. Ndinauza mmodzi mwa achemwali anu zimenezi liwu ndi liwu. Anandifunsa ngati ndayesa kuthimitsa rauta.

Palinso china chimene chikundisowetsa tulo. Kuti bokosi la ku Ntcheu lilandire la ku Dedza lomwe adiresi yake sikhazikika, tinachita kumasula chitetezo chija choti lizitsegulira adiresi imodzi yokha. Usiku umodzi wokha, m'mawa mwake tinapeza mndandanda wautali wa anthu osadziwika a kunja akuyesa mapasiwedi pa port 5060. Amenewa ndi akuba amene amasakasaka mabokosi otseguka kuti aziimbira mafoni a kunja kwa dziko pa bilu ya mwini bokosi. Sanalowe, pasiwedi yathu ndi yolimba, koma geti limene linali lokiya mwalisiya lotsekedwa ndi mwala. Akadzalowa tsiku lina, bilu imeneyo mudzalipira ndinu?

Mwina mukuona ngati ndi nkhani yaing'ono, poti aliyense ali ndi foni m'thumba. Ndikuuzeni za Lachiwiri lapitali. Kunabwera akuluakulu a kalabu ya alimi a ku Bembeke, atasonkherana ndalama, akufuna matumba 40 a Urea. Pa Dedza anali atatsala ochepa. Mtsikana wa pa kauntala, pozolowera, anadina 203 n'kunena kuti tikufuna matumba fote, galimoto ikubwera. Abambo a ku Ntcheu anamva fotini. Akuti anafunsa kawiri konse, "Mwati fotini kapena fote?", koma ife sitinamve kanthu, mtsikana uja anangoti zikomo n'kuika foni pansi. Iwo poyesa kubweza, inaduka asanamalize moni. Galimoto inapita, dalaivala anakweza matumba 14 amene anali atamuikira pakhomo, n'kubwerera. Ulendo wopita ndi kubwera pa mafuta amene tonse tikudziwa mmene akuvutira kupeza ndi mmene akudulira. Alimi aja anadikira pakhonde pathu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo otsalawo anakagula kwina. Sindingawaimbe mlandu. Chizimalupsa chagwa kale, munthu sangadikire feteleza chifukwa cha rauta ya eni ake.

Ndiye tabwerera ku mafoni a m'manja, ndipo ndine amene ndimalemba ndalama za mayunitsi m'buku, choncho ndikuziona mmene zakwerera. Wogwira ntchito akapita kukadya nkhomaliro amanyamula foni yake, ofesi n'kukhala yosafikirika. Kasitomala sitingamupatsirenso ku Ntcheu, timachita kumuwerengera nambala ina kuti aimbe yekha, ndipo ambiri saimbanso. Za pa Lizulu ndiye musanene. Amene amayenda msewu umenewu akudziwa kuti mbali imodzi ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, ndipo foni ya m'manja imatha kulumphira netiweki ya kutsidya mwini wake osadziwa. Tinali titakonza kuti chaka chino tiikeko foni ya pa desiki yolumikizidwa ku bokosi la ku Dedza. Foniyo tinagula, ili m'katoni mwake m'kabati.

Ndikudziwa kuti ena owerenga pano, odziwa za makompyuta, andiuza kuti ingopangani VPN, njira yachinsinsi ya pa intaneti, pakati pa maofesi awiriwa, nkhani yatha. Zoona, mnyamata uja ananenanso zomwezo, kuti VPN yotchedwa WireGuard ikhoza kudutsa bwinobwino poti ku Ntcheu adiresi ilipo. Koma zikufuna kuti tigule marauta ena awiri, timulipirenso iye masiku ena, ndi kusintha manambala a netiweki ya mkati chifukwa maofesi onse awiri ali pa 192.168.1 ndipo angawombane. Ananenanso za IAX2, chinenero china cholumikizira mabokosi a mafoni, chimene chimadutsa pa port imodzi yokha, 4569, koma bokosi lathu la ku Ntcheu ndi la mtundu wina, chinenero chimenecho silimva. Mwina tidzafika pomwepo. Funso langa ndi lakuti tiwonongerenji ndalama kukonza chimene sitinaononge, pomwe invoyisi ya mwezi uno, ndi ya mwezi wathawu, zonse zili ndi mzere uja wa static IP, ndipo zonse tinalipira tsiku lisanakwane? Tikachedwa kulipira ndi tsiku limodzi mumadula osafunsa. Apa miyezi iwiri mwalandira ndalama ya chinthu chimene munachotsa.

Ngati maadiresi akukutherani, nenani. Tikudziwa kuti maadiresi a mtundu umenewu, a IPv4, ndi ochepa padziko lonse, n'chifukwa chake makampani ambiri akuika makasitomala a m'nyumba pa CGNAT. Palibe chachilendo. Koma munthu wolipira phukusi la bizinesi mumayenera kumuuza musanamusamutse, ndipo anyamata anu asanachotse rauta azifunsa kaye kuti pa waya umenewu pakudutsa chiyani. Funso limodzi lomwelo likanatipulumutsa tonse.

Zimene ndikupempha ndi izi. Bwezerani static IP pa ofesi ya Dedza. Ikakhala yomwe ija ndi bwino, ikakhala ina tiuzeni polemba kuti tikasinthe m'mabokosi. Thimitsani SIP ALG, kapena ikani rauta yanuyo pa bridge mode, izingodutsitsa intaneti, kuti tiike yathu kumbuyo kwake. Ndalama ya miyezi iwiri ya adiresi imene sitinali nayo muichotse pa invoyisi ikubwerayi. Ndipo rauta ya ku Ntcheu musaikhudze musanalankhule nane, chifukwa ndamva kuti anyamata anu ayamba kuzungulira mashopu a kumeneko, ndipo ndauza kale alonda kuti asawatsegulire.

Chonde musandiyankhe pansipa kuti ndikutumizireni nambala ya akaunti ku inbox. Ndatumiza kale katatu, ili momwemo. Likafika Lachisanu likudzali zinthu zili chomwechi, nditenga manambala a madandaulo asanu ndi limodzi aja, mainvoyisi awiri ndi lipoti la mnyamata wa ku Lilongwe, n'kukazipereka ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Pa Dedza timatsegula 7:30 m'mawa, Loweruka lomwe. Amene mumutume abwere ndi pasiwedi ya rautayo, ndipo pepala lake ndidzasaina 203 ikalira n'kupitirira masekondi 32 tonse tikumvana.