Wodwala tithamangire naye kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa funso limene limasowetsa mtendere mabanja munthu akadwala usiku: tithamangire ku chipatala chachikulu, kapena tidikire kuche tikaonane ndi adokotala a pachipatala chaching'ono cha kwathu? Ambiri amayang'ana ndalama ya transipoti ndi kukula kwa chipatala. Zoyenera kuyang'ana ndi zizindikiro zimene wodwalayo akuonetsa.

Wa chimfine akapita ku Queens kapena ku Kamuzu Central amakhala pabenchi tsiku lonse, obwera pambuyo n'kumalowa iye akuona. Si tsankho ayi. Kolandirira odwala mwakayakaya sayendera amene wafika koyamba, amayamba ndi amene moyo wake uli pachiswe. Kwa ana, njira yosankhulira imeneyi imatchedwa ETAT, ndipo inakonzedwa konkuno ku Malawi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lisanaifalitse m'maiko ena.

Koma kutaya tsiku pabenchi n'kochepa. Chimene chimapha ndi kudikira kunyumba ndi mwana amene anafunika kuonedwa usiku womwewo. Mwana akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akalefuka moti sakudzuka bwino, kapena nganga ikamalowa mkati popuma, nyamukani nthawi yomweyo. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi kapena kuzizira, palibenso zodikira. Kupuma mwabefu mutha kukuyeza nokha: mwana ali phee, osati akulira, kwezani malaya ndi kuwerenga kwa mphindi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Kupuma ka 60 kapena kuposera kwa khanda losakwana miyezi iwiri, ka 50 kwa wa miyezi iwiri mpaka chaka, ndi ka 40 kwa wa chaka mpaka zaka zisanu, ndi chizindikiro cha chibayo. Ambiri amawerenga theka la mphindi n'kuwirikiza, koma makanda amapuma modukiza, choncho nambala imasokonekera.

Apa pali mfundo imene anthu amaiphonya. Kuona chizindikiro choopsa sikutanthauza kuti mulambalale chipatala chapafupi n'kuyenda maola awiri kupita kutauni. Pachipatala chaching'ono amatha kubaya jakisoni woyamba wa malungo aakulu kapena wa chibayo, kupereka shuga kwa mwana wolefuka, kuletsa kukomoka, kenako kulemba kalata yotumiza kuchipatala chachikulu cha m'boma ndi kuitana ambulansi. Mwana woyenda ulendo wautali asanalandire kanthu amafika atatheratu.

Kwa akuluakulu, izi sizigonetsa: pakamwa kupotoka mwadzidzidzi, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka, kulankhula mosamveka, kupweteka kofinya pamtima limodzi ndi thukuta kapena kubanika. Mayi woyembekezera akamataya magazi, akamamva mutu waukulu maso n'kumachita chidima, kapena mwana akasiya kugunda, apite kosadikira tsiku la sikelo. Wolumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako akafunse za katemera wa chiwewe tsiku lomwelo. Wopsa ndi moto athire madzi ozizira kwa mphindi 20. Dzira ndi mankhwala otsukira mano zimangoipitsa bala.

Zotsalazo n'zambiri, ndipo kwawo ndi kuchipatala chaching'ono. Kutentha thupi kopanda zizindikiro zoopsa amakuyeza malungo pachala, zotsatira n'kutuluka pasanathe theka la ola. Mankhwala a malungo a LA amamwa kasanu n'kamodzi pa masiku atatu, ndipo wosiyira panjira chifukwa wapeza bwino amabwereranso. Wotsekula m'mimba asungunulireni paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osati m'kapu. Chifuwa chopitirira masabata awiri n'choyezetsa makhololo.

BP, shuga, mphumu ndi khunyu ndiwo matenda amene amavutika kwambiri ndi kudumphadumpha zipatala. Kolandirira odwala mwakayakaya mumapeza dokotala wina tsiku lililonse, ndipo ntchito yake ndi kukupulumutsani lero basi. Wosintha mlingo wa mankhwala amafunika kuona manambala a miyezi ingapo, n'chifukwa chake buku la kuchipatala liyenera kukhala limodzi. Kugula latsopano paulendo uliwonse kumafafaniza mbiri yonse ya wodwala.

Sindikuwaimba mlandu olambalala zipatala zazing'ono. Munthu akauzidwa kawiri kuti mankhwala kulibe, akagule, kachitatu sabweranso. Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti LA, amoxicillin, zoyezera malungo ndi mankhwala a BP zisamasowe m'zipatalazi, ambulansi zizikhala ndi mafuta, ndipo zizindikiro zoopsazi zilembedwe m'Chichewa pakhomo la chipatala chilichonse. Pomwepo alembenso nambala ya Chipatala cha pa Foni, kuti wokayika pakati pa usiku azikhala ndi womufunsa.

Ine wanu,
Wogwira ntchito zaumoyo, Blantyre