Zikomo potikonzera hita ndi kutiuza zoona pa mtengo

Rosettenville,
Johannesburg.

Kwa Bambo Mwini Kampani, pamodzi ndi amisiri anu awiri amene anabwera kwathu Loweruka lapitalo.

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse a kuntchito kwanu. Ife kuno tili bwino. Pamene ndikulemba kalatayi mayi anga akhala pampando pafupi ndi hita ija, mdzukulu wawo ali pamiyendo, ndipo juzi yachiwiri ija lero avula. Ndalemba m'Chichewa dala, chifukwa mmisiri wanu wamkulu anandiuza kuti inunso kwanu ndi ku Ntcheu, ndiye ndati zikomo wangayu akufikeni m'chinenero chimene ndimathokozera ndi mtima wonse.

Mayi anabwera kuchokera ku Dedza mwezi wa May kudzandithandiza mwana atangobadwa. Pofika anati iwo za kuzizira asauzidwe, anakulira m'munsi mwa phiri. Koma chisanu cha ku Joni chinawadabwitsa. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndiye masana dzuwa limawala bwinobwino, koma likangolowa kuzizira kumalowa m'mafupa. M'mawa mu June ndi July udzu umayera mbee, magalasi a galimoto atagwira chisanu. Inu mukukumbukira pa 10 July 2023 pamene chipale chofewa chinagwa mumzinda muno. Nyumba zakale za ku Rosettenville nazo sizithandiza: siling'i ili patali, pansi ndi matabwa, mawindo ndi achitsulo ndipo mphepo imalowera m'mbali. Munthu wamkulu amapirira. Khanda la milungu isanu ndi umodzi silingapirire.

Nyumba imene timachita lendi ili ndi hita ya gasi yomangidwira pamalo pamene kale ankasonkhapo moto, utsi wake umakwera m'chumuni, masilinda ali panja. Chaka chatha inkagwira bwino. Chaka chino tikadina batani kamoto kakang'ono koyatsira hitayo kankayaka, koma tikangochotsa chala, zimu. Tinayesa hita yamagetsi, mayunitsi a R200 osatha masiku atatu. Ndiye tinaitana kampani ina, dzina sinditchula. Munthu wawo anaima pakhomo la pabalaza, kuyang'ana hitayo ali chiimire, osagwada n'komwe. Anati yakalamba, tigule ina, zonse pamodzi ndi kuika R11,000. Anatenga R500 yobwerera n'kumapita. Eninyumba titawauza anati aona kutsogoloku. Bambo a kunyumba kuno amagwira ntchito yaulonda, ine ndimasoka, ndipo panopa makina aima chifukwa cha mwana. Ndalama imeneyo kwa ife ndi lendi ya miyezi iwiri.

Apa ndipamene ndikufuna ndikuuzeni chinthu chimene mpaka lero chimandigunditsa mtima. Mayi anati tigule makala tikoleze mbaula, monga timachitira kumudzi. Tinaterodi. Usiku wa Lachinayi tinaikoleza pakhonde, makala atafiira tinailowetsa pabalaza, n'kutseka mawindo onse, pansi pa chitseko n'kuikapo thaulo. Mwamwayi bambo pobwera kuntchito mbandakucha anaitulutsa. Ine ndi mayi tinadzuka mutu ukuwawa kwambiri, tili ndi chizungulire, koma tinkati mwina ndi chimfine. Tsiku lomwelo mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandipatsa nambala yanu.

Amisiri anu anafika nthawi imene munanena. Asanagwire chilichonse, wamkuluyo anatulutsa khadi lake la SAQCC Gas, bungwe lolembetsa amisiri a gasi, n'kundionetsa, akuti aliyense wogwira zipangizo za gasi m'dziko muno ayenera kukhala nalo, ndipo ine ndili ndi ufulu wolifunsa. Sindinkadziwa zimenezo. Kenako anayala nsalu pansi, kugwada, n'kumasula chitsulo chakutsogolo. Pasanathe mphindi khumi anandiitana kuti ndidzaone ndi maso anga. M'manja mwake munali kachitsulo kangati msomali, kali ndi waya wamkuwa kumchira, nsonga yake itapsa n'kuda. Anati dzina lake ndi thermocouple. Kamoto kakang'ono kaja kakamakatenthetsa, kamatulutsa mphamvu yochepa ya magetsi imene imagwira valavu kuti ikhale yotsegula. Kakatha ntchito valavu imatseka yokha, gasi osadutsa. Kunena kwina, hita yathu sinafe ayi. Inkangokana kutulutsa gasi popanda chitsimikizo choti moto ulipo, monga mmene anaipangira.

Akanatha kusintha kachitsuloko, kulandira ndalama n'kunyamuka, ife tikanathokozabe. Koma atayatsa anaona kuti lawi likutuluka lachikasu ndipo likusiya mwaye. Anapukusa mutu, akuti moto wa gasi wabwino umakhala wabuluu. Wachikasu ndiye kuti gasi sakupsa mokwanira. Anachotsa mbali yoyakirayo, timabowo take titadzaza fumbi, n'kuyeretsa kamodzikamodzi. Mnyamata wamng'ono uja anakwera padenga, ndipo zimene anatsitsa m'chumuni ndinaziona ndekha: chisa cha nkhunda, timitengo ndi nthenga, zodzaza theka la ndowa. Utsi ukanadutsa pati? Pomaliza anapita panja pa masilinda, anasungunula sopo m'kapu n'kupaka polumikizira ponse. Pafupi ndi regulator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi potuluka m'silinda, thovu linayamba kufufuma pang'onopang'ono, paipi yarabala itachita ming'alu ndi dzuwa. Anatiuzanso kuti gasi wa m'masilindayu ndi wolemera kuposa mpweya, akatayika m'nyumba amatsikira pansi. Ndinayang'ana mphasa imene timagonekapo mwana masana, ndipo sindinayankhe kanthu.

Za mtengo ndiye chimene chandilembetsa kalatayi makamaka. Asanasinthe chipangizo chilichonse anakhala patebulo n'kulemba papepala: kubwera R550, thermocouple R320, paipi ndi regulator R430, ntchito ndi kuyeretsa chumuni R650. Zonse R1,950. Anandifotokozera mzere uliwonse, n'kundisiyira zipangizo zakale zija m'pepala la pulasitiki kuti ndikaonetse eninyumba. Nditanena mwamanyazi kuti ndili ndi R1,000 yokha, anakuimbirani foni ine ndili pomwepo, ndipo ndinamva mawu anu mukuti, "Akonzereni, yotsalayo adzapereka kumapeto kwa mwezi." Simunandionepo nkhope, Bambo. Kuno kuchilendo, kumene ambiri akangomva kalankhulidwe kathu mtengo umakwera, zimenezi si zazing'ono. Satifiketi ya gasi imene munatumiza Lolemba inathandizanso: eninyumba ataiona, pamodzi ndi paipi yong'ambika ija, avomera kuchotsa theka la ndalamazo pa lendi ya mwezi wamawa.

Koma mayi anga akafunsidwa chimene akukumbukira, satchula za mtengo. Amisiri ali pafupi kunyamuka, wamkuluyo anaona mbaula ija kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, phulusa likadali momwemo. Sanatikalipire. Anavula chipewa, kunjuta pafupi ndi mayi, n'kuyamba ndi kuti, "Agogo, pepani, ndiyankhuleko pang'ono." Anati kumudzi mbaula timaothera m'khitchini yofolera ndi udzu kapena pakhonde, mpweya umalowa ndi kutuluka paliponse. Nyumba ya kuno ikatsekedwa imakhala ngati botolo. Makala akamanyeka mmene mpweya uli wochepa amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo tokoma, ndipo ena sadzukanso. Mwana wamng'ono ndiye amayamba kugonja. Mayi anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, tonse tikukumbukira m'mawa wa Lachisanu uja. Anawonjezera kuti ngakhale hita ya gasi yokonzedwa bwino, zenera lizikhala lotsegula pang'ono, ndipo pogona tizizimitsa. Kuyambira tsiku limenelo mayi ndi amene amazungulira usiku kuona zenera ndi batani, ndipo mbaula anaitulutsa okha, ili panja pamene timawotchera chimanga.

Ndili ndi pempho limodzi, ngati n'kotheka. Abale athu ambiri ku Turffontein, ku Mayfair ndi m'tizipinda takuseri kwa nyumba za eni akuotha mbaula ndi masitovu a palafini usiku uno, zitseko zili zotseka, chifukwa palibe anawauzapo zimene anatiuza mmisiri wanu. Mutalemba kapepala kakafupi m'Chichewa, mawu omwewo osavuta aja, ine ndikagawa kutchalitchi ndi kwa amayi amene ndimawasokera. Ndalama yosindikizira tikhoza kusonkherana.

R950 yotsalayo nditumiza pa 30 monga tinagwirizana. Mayi asunga mtedza ndi nyemba zimene anabwera nazo kuchokera ku Dedza, agawa timatumba titatu, kena n'kanu. Akuti zimenezi satumiza, amisiri aja akamadutsa chakuno aime, adzalandire m'manja, amweko ndi tiyi.

Ambuye akudalitseni inu ndi ntchito ya manja anu.

Ine wanu wothokoza,
Mayi wa khanda lija, ku Rosettenville.