Ndinakonza nyumba ya lendi ndi ndalama zanga, tsopano akundithamangitsa

Okondedwa a Mlangizi,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala m'nyumba ya lendi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, komwe ndimapeza zosowa za pakhomo posoka zovala. Ndalemba kalatayi chifukwa nkhani ya nyumba imene ndikukhalamo yafika poti sindikugona tulo, ndipo aliyense amene ndamufunsa akundiuza zosiyana ndi mnzake.

Ndinalowa m'nyumbayi mu 2019, nditalipira lendi ya miyezi itatu pasadakhale komanso dipoziti ya mwezi umodzi. Eni ake anali bambo wachikulire amene ankakhala ndi akazi awo m'nyumba yakutsogolo pa poloti yomweyo, ndipo popeza tinkapemphera mpingo umodzi, sitinaganize zolemberana mgwirizano uliwonse. Tinangogwirana chanza. Lendi inali K60,000 pamwezi, mu 2022 inakwera kufika pa K80,000, ndipo zaka zonsezo sindinadumphitse mwezi ngakhale umodzi.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche, nafenso sanatisiye. Khoma la kukhitchini linagwa, malata angapo anasasuka, ndipo chimbudzi cha panja chinatitimira. Bambo aja anabwera kudzaona, ndipo anandiuza mosabisa kuti alibe ndalama zokonzera, koma ngati ndingathe ndikonze ndekha, tidzichotsera pang'onopang'ono ku lendi. Ndinatapa ndalama za mpamba wanga, ndinabwerekanso zina ku banki m'khonde, n'kugula malata, simenti, njerwa ndi misomali, ndi kulipira mmisiri. Zonse pamodzi zinakwana K420,000. Tinagwirizana kuti ndizichotsa K20,000 mwezi uliwonse, choncho kuyambira Meyi 2023 ndinkawatumizira K60,000 pa Airtel Money m'malo mwa K80,000, ndipo sanadandaulepo tsiku ndi limodzi lomwe.

Bambowo anatisiya mu Febuluwale 2024, titachotsa miyezi khumi yokha, kutanthauza kuti panatsala K220,000. Apa ndi pamene mwina ndinalakwitsa, ngakhale kuti mtima wanga sukunditsutsa. Nditaona mmene mayi aja analili pa nthawi ya maliro ndi miyezi yotsatira, ndinachita manyazi kukamba za ngongole kwa munthu amene misozi inali isanaume, ndiye ndinayamba kuwapatsa lendi yonse ndi maganizo akuti tidzakambirana zinthu zikadzakhazikika. Iwo ankadziwa bwino za kukonza kuja, chifukwa ndi iwo amene ankawaphikira amisiri tiyi.

Miyezi itatu yapitayo kunabwera mwana wawo wamwamuna kuchokera ku Johannesburg, ndipo anatiitana tonse alendi a pa polotipo n'kutiuza kuti tsopano nyumba akuyang'anira ndi iyeyo, ndalama tizipereka kwa iye, ndipo lendi yanga yakwera kufika pa K150,000 kuyambira mwezi womwewo. Kuti zinthu zinakwera mtengo sindikutsutsa, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nanenso nsalu ndi ulusi ndimagula modula, ndipo mwini nyumba ayenera kupeza phindu pa nyumba yake. Koma kukweza ndalama yochuluka chonchi popanda kumupatsa munthu ngakhale mwezi umodzi woti akonzekere ndinaona kuti si chilungamo. Nditamukumbutsa za K220,000 yotsala ija, anandifunsa kuti pepala lili kuti, n'kunena kuti zimene ndinapangana ndi malemu zinapita ndi malemu.

Mawu amenewa anandipweteka kwambiri, moti ndinasiya kulipira lendi kwa miyezi iwiri ndi cholinga choti ndibweze ndekha gawo la ndalama zanga. Tsopano wandipatsa notisi ya masabata awiri, yolemba pamanja, ndipo wanena pamaso pa anthu kuti tsikulo likakwana adzachotsa chitseko, adzaika loko wake pageti, ndi kutenga makina anga osokera kuti akhale chikole cha lendi. Makinawo ndiwo khasu langa, ndipo akawatenga ndiye kuti watseka njira yomwe ndingamulipirire iye yemweyo.

Choyamba chimene ndikufuna mundithandize n'chakuti, kodi mgwirizano wapakamwa uli ndi mphamvu pamaso pa lamulo, makamaka mmodzi mwa opanganawo atamwalira? Umboni umene ndili nawo ndi malisiti a malata ndi simenti, mauthenga a pafoni osonyeza kuti kwa miyezi khumi ndinkatumiza K60,000, mmisiri amene anagwira ntchitoyo, komanso amfumu a m'dera lathu amene anabwera kudzaona zowonongeka namondwe atadutsa. Mayi aja akhoza kuchitira umboni, koma ndikuona kuti akuopa mwana wawo, ndipo sindikufuna kuwaika pakati pa moto.

Nkhani ya mayiwa ikundivutitsanso mwa njira ina. Kuno kuli lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, limene limateteza mkazi wamasiye ndi ana kuti asalandidwe katundu, ndiye ndikudabwa ngati mwana mmodzi angangodzuka n'kudzitcha mwini nyumba popanda chikalata chochokera kukhoti chomupatsa mphamvu zoyendetsa chumacho. Kodi ndili ndi ufulu womupempha kuti andionetse chikalatacho ndisanamupatse ndalama? Ndikuopa kuti ndingalipire kwa iye, mawa lake abale ake ena n'kudzanena kuti sindinalipire.

Ndikufunanso mundiuze mosapita m'mbali ngati ndinalakwa posiya kulipira lendi. Anzanga ena akuti ndinachita bwino, koma ena akuti ndadzipachika ndekha chifukwa ndamupatsa chifukwa chomveka chonditulutsira. Ngati ndinalakwa, ndili wokonzeka kupeza ndalamazo, kulipira, kenako n'kutsata zanga padera, ngakhale sindikudziwa ngati ndilipire pa mtengo wakale kapena watsopanowu. Udindo wanga sindikuuthawa: galasi la zenera limene ana anga anaswa ndi mpira ndidzabwezeretsa, ndipo penti ya m'chipinda chochezera ndidzapakanso ndisanatuluke, monga mmene ndinaipezera. Nanga dipoziti imene ndinapereka kwa malemu mu 2019, ndani ayenera kundibwezera?

Chimene chikundiopsa kuposa zonse ndi nkhani yochotsa chitseko ndi kulanda makina. Kodi mwini nyumba amaloledwa kuchita zimenezi ndi manja ake, popanda chilolezo cha khoti? Ndipo munthu amene amalipira lendi pamwezi, wakhalanso m'nyumba zaka zochuluka chonchi, ayenera kupatsidwa notisi ya nthawi yaitali bwanji? Nditapita kupolisi ya m'dera lathu kukafotokoza, kodi adzandithandiza, kapena imeneyi ndi nkhani ya kukhoti la majisitireti basi? Ena andiuza za Legal Aid Bureau, imene imathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, koma ndikufuna kudziwa ngati ndiyambire kumeneko kapena ndiyambe ndapempha amfumu kuti atikhazike pansi pamodzi ndi banja la malemu.

Sindikukakamira nyumba ya eni ake, ndipo ngati akufuna kuti ndituluke ndidzatuluka mwamtendere. Chimene ndikupempha ndi nthawi yokwanira yopezera nyumba ina, chifukwa kulikonse kumene ndafunsa akufuna lendi ya miyezi itatu pasadakhale, komanso mwana wanga wamkulu ali mu Sitandade 8 ndipo kumusamutsa sukulu mayeso ali pafupi kungamusokoneze. Pa masabata awiri aja, masiku asanu apita kale, choncho chonde ndiyankheni msanga.

Ine wodandaula,
Mayi wa ku Zingwangwa, Blantyre