Kalata kwa mphwanga, za kathanki kako ka nsomba

Mphwanga okondeka,

Uli bwanji kumeneko? Ine kuno ku Johannesburg ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kale, mmawa ndikumachoka nditavala majuzi awiri. Amayi ako anditumizira chithunzi cha kathanki kagalasi kaja bambo ako akugulira, komanso mawu ako aja unajambula pa foni oti ukufuna nsomba 10 zamitundumitundu ngati zija munaziona ku nyanja. Ndawamvera katatu konse. Nde ndati ndikulembere bwinobwino, amayi akuwerengere pang'onopang'ono, pomwe sunamve uwaimitse uwafunse.

Amayi akuti kathankiko kamalowa madzi malita 20. Ukuidziwa ndowa yaikulu ija mumasungira madzi mpopi ukauma? Ndi madzi a ndowa imodzi imeneyo basi. Kwa iwe kakuoneka kakakulu eti, koma kwa nsomba mmenemo ndi momwe igone, momwe idyere, momwe isewere komanso chimbudzi chake ndi momwemo, siingatuluke kukapitidwa mphepo ngati iwe. Nde nsomba 10 ayi mphwanga. Ndikudziwa wakwinya kale nkhope, dikira kaye ndikufotokozere.

Zija munaziona ku Cape Maclear, zabuluu, zachikasu, zina zamizeremizere zikujompha ndere pamiyala, dzina lake ndi mbuna. Ndi zathu zimenezo, mwachilengedwe sizipezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma mu nyanja yathu yokha, mpake malo amenewo anawasandutsa Lake Malawi National Park mu 1980 kuti nsombazo zitetezedwe. Kuno ndimaziona mmashopu a ziweto atalemba kuti Malawi pagalasi, ndipo ndikamadutsa ndimaima kaye, mtima umapita kumudzi. Ukudziwa kuti mbuna yaikazi imasunga mazira mkamwa? Pafupifupi masabata 3 ili chivumatire osadya kanthu, mpaka tiana titaswa nkuyamba kusambira. Koma mbuna ndi zandewu zedi, yamphongo iliyonse imafuna mwala wakewake ndipo inzake ikangoyandikira imaithamangitsa, nde mu kathanki ngati kako yothamangitsidwayo ithawira kuti? Zimafuna thanki ya malita 200 kapena kuposa, ndowa 10 zimenezo. Zisiye kaye, tidzapita limodzi kunyanja tikaziwone ku miyala kwawo konko.

Ina yomwe ogulitsa angakulozere msanga ndi goldfish, chifukwa ndi yotchipa komanso ikakhala yaing'ono imakongola. Ndikuuze zomwe zinandichitikira ine. Chaka choyamba nditafika kuno ndinkasowa ocheza naye, nde ndinagula goldfish zitatu ndi kambale kagalasi kozungulira kaja. Sabata yoyamba zinali bwinobwino. Sabata yachiwiri madzi anayamba kuyera ngati mwathiramo mkaka, kafungo kanayamba, nsomba zonse zitatu zinkangokhala pamwamba pakamwa yasa yasa. Tsiku lina mmawa ndinapeza imodzi itagona chammbali, zinazo zinatsatira pasanathe masiku atatu. Zinandiwawa kwambiri mphwanga, chifukwa sizinalakwe kanthu, ndine ndinaziika malo osayenera. Pambuyo pake mpomwe ndinadziwa kuti goldfish imakula mpaka masentimita 20, kutalika ngati dzanja langa lonseli, imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 10 ndipo imadya kwambiri nkumachitanso chimbudzi chambiri. Chimbudzi cha nsomba chimatulutsa poizoni otchedwa amoniya, samaoneka ndi maso koma amawotcha malo opumira aja ali mmbali mwa mutu. Madzi akachepa poizoniyo amachuluka msanga. Sindikufuna iwe udzalire chonchija.

Nsomba yomwe ine ndakusankhira ndi betta. Imodzi yokha, yamphongo.

Kwawo kwa betta ndi ku Thailand, imakhala mminda ya mpunga ndi mmadambo osaya, madzi ake odekha ofunda, monga zimakhalira minda ya mpunga ku Karonga nthawi ya dzinja. Ndi yaing'ono, masentimita 6 kapena 7, ngati chala changa chamkombaphala, koma zipsepse zake ndi zazitali zimachita kuwuluzika mmadzi ngati chitenje pa chingwe, ilipo yofiira, yabuluu, yoyera, ina yosakaniza. Ili ndi luso lina lake, imatha kukwera pamwamba nkumeza mpweya omwewu timapuma ifewu, nde ukaiona ikutulutsa kamlomo pamwamba kamodzikamodzi usaope, ndi chikhalidwe chake. Yanga ndili nayo pano ndi yofiira, yatha chaka ndi miyezi. Ndikamatsegula chitseko madzulo pochokera kuntchito imabwera kutsogolo kwa galasi nkumagwedezeka thupi lonse, ndikayendetsa chala pagalasi imachitsatira uku ndi uku. Tsiku lina ndinapeza kathovu kambirimbiri pakona pamwamba pa madzi ndinaganiza kuti mwagwera sopo, osadziwa ndi chisa, yamphongo imamanga chisa cha thovu choikamo mazira. Ukadzachiona usachiphwanye dala.

Mwina ukuti ikhala yosungulumwa. Ayi ndithu, betta imakonda kukhala yokha. Zamphongo ziwiri zikakumana zimatukumula masaya, zimang'ambana zipsepse mpaka ina kufa. Nde mnzako wina akadzati ndikubweretsere yanga zizicheza, ukane.

Betta ikasowa mushopu, tenga maguppy atatu, amphongo okhaokha, ndi aja ang'onoang'ono a michira yamawangamawanga. Ndikuti amphongo okhaokha chifukwa guppy yaikazi siikira mazira, imabereka tiana tamoyo mwina 20 kapena 30 pafupifupi mwezi uliwonse, kathanki kako kangadzaze usanatsekere teremu. Ndipo ndi betta kapena maguppy, osasakaniza.

Tsiku lokagula usathamangire yoyamba kuiona. Ima pagalasi uwerenge mpaka 100 ukuyang'ana. Yathanzi imatambasula zipsepse, imayendayenda, ukayandikira imabwera kudzakuona. Ikakhala yangoti ndwii pansi, zipsepse zitapindika kapena zitanyotsoka, kapena ili ndi timadontho toyera pathupi ngati mwawazapo mchere, imeneyo ikudwala isiye. Ukaona muthanki ya mushopumo muli ina yakufa, usatengemo iliyonse.

Koma pali chovuta chimodzi, ndikupempha upirire. Usagule nsomba sabata ino. Thira madzi, yatsa fyuluta, kamakina kosefa madzi a muthanki, uziponyamo kachakudya ka nsomba pang'ono pakapita masiku angapo ngakhale mulibe nsomba, ndipo udikire masabata 4 kapena 6. Mu siponji ya fyuluta mumamera tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, ntchito yake ndi kudya poizoni uja wa amoniya, koma timachedwa kuchuluka. Ine zija zinandifera chifukwa sindinadikire ndipo fyuluta ndinalibe. Amayi akupatse kalendala uzichonga tsiku lililonse.

Madzi a pampopi ali ndi klorini, kwa ife ndi abwino amapha majeremusi koma nsomba amaipweteka, nde pali mankhwala a timadontho othira mmadzi musanawaike muthanki. Loweruka lililonse muzichotsa malita 5 okha nkuthiramo ena atsopano, osakhuthula onse ayi, ndipo ndowa yake ikhale yapayokha yosalowamo sopo. Siponji ija muziifinyira mmadzi omwe mwachotsa muthankiwo, mukaitsuka pampopi tizilombo tabwino tija tifa tonse muyambiranso.

Chakudya nde apa ndikudziwa mtima wako, umafuna aliyense akhute. Timibulu 3 mmawa, 3 madzulo, basi. Nsima ayi, buledi ayi, mabisiketi ayi, ngakhale ikuyang'ane momvetsa chisoni bwanji. Zotsala zimawola pansi nkuipitsa madzi.

Betta imafuna madzi ofunda, madigiri 25 mpaka 27, ndipo June ndi July wayandikirayu mnyumba mwanumo mumazizira, nde sabata ya mawa ndikutumizira hita yaing'ono, themomita yomata pagalasi ndi mankhwala a klorini aja kudzera kwa mnzanga akubwera pa basi. Zolumikiza kumagetsi ndi ntchito ya bambo ako, iwe ndi manja onyowa usakhudze pulagi. Magetsi akazima usiku fundikani thanki ndi bulangete kuti kutentha kusathawe. Pamwamba pazikhala chivundikiro nthawi zonse chifukwa betta imadumpha, ndipo musaike thanki pawindo pomwe dzuwa limawomba, madzi angabiriwire. Chinanso, usakatole nkhono kapena zomera kudambo kuti ukongoletsere, nkhono zina za mmadzi zimafalitsa likodzo. Kakapu kadothi kotsuka bwino opanda sopo ukakagoneka chammbali pansi, kakhala kanyumba kake kobisalamo.

Mukadzafika nayo kunyumba musaikhuthulire mmadzi pompo. Yandamitsani kajumbo kake kali chimangire pamwamba pa thanki mphindi 20 kuti kutentha kufanane, kenako muitulutse mofatsa, tsiku limenelo usaipatse chakudya ndipo usagogode pagalasi. Ingokhala phee pampando uziiyang'ana ikuyendera nyumba yake.

Ndibwera December, ndikufuna ndidzaipeze yatambasula zipsepse. Pakadali pano yamba kuganiza dzina, ukalipeza unditumizire mawu pa foni ya amayi ndilimve ndi pakamwa pako. Undiperekere moni kwa agogo ndi kwa kamlongo kako.

Ndine malume ako.