Kwa mnzanga wakutali, kuchokera ku utsi wa California

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti chilimwe chikafika mtima sukhala m'malo. Munandifunsa ngati moto umene mumauona pa nkhani umafika kumene tikukhala. Malawi ake sanatifikepo, koma utsi umatipeza. Tsiku la 9 Seputembala 2020 sindidzaliiwala. Ndinadzuka wotchi ikuti 8 koloko m'mawa, koma kunja kuli ngati kukuda kumene. Thambo lonse linali psuu ngati njerwa yootcha, magalimoto akuyenda atayatsa nyali dzuwa lili paliwombo, ndipo pagalasi la galimoto yanga panali phulusa loti mutha kulembapo dzina ndi chala. Chaka chimenecho maekala oposa 4 miliyoni anapsa mu California mokha.

Komabe chandilembetsa kalatayi si utsi ayi, ndi anansi anga awiri. Nyumba yathu ili pakati pawo. Onse ndi abambo achikulire, ndipo pamene tinkafika kuno ankabwerekana makwerero, wina akachoka mnzake nkumamuyang'anira pakhomo. Lero sapatsana ngakhale moni. Chinawadanitsa ndi nkhani ya moto wolusa. Wina amati vuto lonse ndi kusintha kwa nyengo, ndipo otsutsa zimenezi ndi anthu ouma mitu. Mnzakeyo amati vuto lonse ndi nkhalango zimene zasiyidwa osazisamalira chifukwa cha malamulo a oteteza chilengedwe. Woyambayo amavotera Democratic Party, wachiwiriyo Republican Party, ndipo kuno munthu akangotchula chimene akuganiza kuti chimayambitsa moto, anthu adziwa kale chipani chake. Chondipweteka n'chakuti onse awiri akunena zoona, koma aliyense wagwira mbali imodzi nkumaikana inayo.

Ndikuuzeni mmene zinafikira pamenepa. Eni nthaka akuno, monga a mtundu wa Yurok ndi Karuk, ankatentha tchire mwadala, pang'onopang'ono, pa nyengo yake. Moto wotero umangonyambita pansi, kudya masamba ouma ndi timitengo, mitengo ikuluikulu nkutsala. Mu 1850 boma la California linakhazikitsa lamulo lokhudza eni nthakawa, ndipo mwa zina linaletsa kutentha tchire. Kenako mu Ogasiti 1910 moto woopsa unapsereza maekala pafupifupi 3 miliyoni ku Idaho ndi Montana m'masiku awiri okha, nkupha anthu oposa 80, ambiri mwa iwo ozimitsa moto. Mantha a tsokalo ndi amene anaumba maganizo a nthambi ya boma yoona za nkhalango, ya Forest Service. Pofika 1935 inalamula kuti moto uliwonse ukhale utazimitsidwa isanakwane 10 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira. Cholinga chinali chabwino, koma zinyalala za m'nkhalango zimene zikanamapsa pang'onopang'ono zinangounjikana kwa zaka zambirimbiri, mitengo nkuthithikana. Ndiye onjezanipo chilala ndi kutentha kumene kukukulirakulira, ndi nyumba zimene anthu amanga mpaka m'kati mwa tchire. Paja akuluakulu anati kwatsala tchire ndi komwe kumapita moto.

Pa 8 Novembala 2018 moto wotchedwa Camp Fire unafafaniza tauni ya Paradise. Anthu 85 anafa, ndipo nyumba ndi zomangidwa zina zoposa 18,000 zinapsa. Unayamba ndi nthambo zakale za magetsi za kampani ya PG&E, imene pambuyo pake inavomera mlandu kukhoti. Pulezidenti Donald Trump atapita kukaona, analankhula zoti pansi pa nkhalango pazisesedwa, natchula dziko la Finland ngati chitsanzo. A mbali inayo anamuseka kwa masabata. Anthu anatanganidwa ndi kuseka kapena kumuikira kumbuyo, osafunsa funso losavuta lakuti nkhalangozo mwini wake ndani. Pafupifupi 57 peresenti ya nkhalango za California ili m'manja mwa boma lalikulu la ku Washington, pamene boma la California lili ndi 3 peresenti yokha, ndipo yotsalayo ndi ya anthu ndi makampani. Palibe mbali imene ingaloze inzake chala popanda zala zina kuloza iyo yomwe.

Ine maganizo anga ndi akuti kutentha tchire mwadala kuyenera kuchuluka, ndipo eni nthaka amene amaidziwa ntchitoyi azipatsidwa mpata wotsogolera. Koma sindikunamizeni kuti ndi chinthu chopanda ngozi. Mu 2022 ku New Mexico moto umene a Forest Service anayatsa okha unawapulumuka, nkukhala waukulu kuposa wina uliwonse m'mbiri ya deralo. Ndiponso moto wa ku Los Angeles wa Januwale 2025, wa Palisades ndi Eaton, sunali wa m'nkhalango. Unayenda m'zitsamba zouma, ukukankhidwa ndi mphepo yamphamvu ya Santa Ana, nkumalumpha nyumba ndi nyumba. Mankhwala a nthenda imodzi sachiza inayo. Nkhani yotere imafuna anthu okhala pansi nkumvana, koma ndale zakuno sizilolanso zimenezo.

Mwezi wathawu ndinatenga ana kukaona mitengo ya sequoia ku Mariposa Grove, m'dera la Yosemite. Achimwene, mitengo imeneyi muyenera kudzaiona ndi maso anu. Mtengo wina uli ndi chipsera chakuda m'tsinde choti munthu wamkulu nkuimamo chilili, koma kumwamba masamba ali biriwiri. Zibalobalo zake zimatseguka bwino zikamva kutentha, ndipo njere zake zimamera panthaka imene moto wayeretsa. Moto wa Washburn utafika pafupi mu 2022, mitengo ikuluikuluyi inapulumuka, ndipo chimodzi mwa zimene zinathandiza n'chakuti oyang'anira malowa akhala akutentha pansi pake mwadala kwa zaka zambiri. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira kuti amene anasaina lamulo loteteza malowa mu 1864 anali Pulezidenti Abraham Lincoln, nkhondo yapachiweniweni ili m'kati. Chibwerereni kunyumba ndakhala ndikuwerenga za iye, ndipo zina zandisowetsa tulo.

Ambiri timadziwa zoti anaphedwa, koma chiwembu choyamba chinabwera asanalumbiritsidwe nkomwe. Mu Febuluwale 1861 ankayenda pasitima kuchoka ku Springfield kupita ku Washington, madera asanu ndi awiri akummwera atalengeza kale zochoka mu mgwirizano wa dzikolo pofuna kusunga ukapolo. Wofufuza wina, Allan Pinkerton, anamuchenjeza kuti ku Baltimore kuli anthu amene akonza zomupha pamene azidzasintha sitima. Mayi wina wogwira ntchito ndi Pinkerton, Kate Warne, ndi amene anakonza malo ogona m'sitima ya usiku, nkunena kuti ndi a mchimwene wake wodwala. Lincoln anadutsa mu Baltimore anthu ali mtulo, nafika ku Washington m'mawa wa pa 23 Febuluwale. Nanga manyuzipepala otsutsa anatani? Anamujambula ngati wamantha wozemba usiku. Munthu wapulumuka imfa, koma theka la dziko likumuseka.

Patapita zaka zinayi, nkhondo itapha anthu oposa 600,000, mkulu wa asilikali akummwera Robert E. Lee anagonja pa 9 Epulo 1865. Patapita masiku awiri Lincoln analankhula pagulu zoti ena mwa anthu akuda apatsidwe ufulu wovota. M'gulumo munali katswiri wa zisudzo John Wilkes Booth, amene poyamba ankakonza zongomuba. Usiku wa pa 14 Epulo anamuombera m'nyumba ya zisudzo ya Ford's Theatre, ndipo Lincoln anamwalira m'mawa mwake. Chiwembucho sichinali cha munthu mmodzi. Usiku womwewo Lewis Powell anabaya nduna yoona za maiko akunja William Seward ali pabedi, koma inapulumuka. George Atzerodt, amene anatumidwa kukapha wachiwiri kwa pulezidenti Andrew Johnson, anagwidwa nthumanzi nangokamwa mowa. Booth anamupeza pa 26 Epulo atabisala m'chigafa cha fodya ku Virginia. Asilikali anachiyatsa moto, iye nkuomberedwa ali momwemo. Anthu anayi a m'chiwembucho ananyongedwa mu Julaye chaka chomwecho.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti Booth sankadziona ngati chigawenga. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akupulumutsa dziko kwa wankhanza, chifukwa kwa zaka zambiri anakhala pakati pa anthu olankhula motero. Sindikunena kuti mbali ziwiri za nthawi imeneyo zinali zofanana ayi. Ukapolo unali choipa, ndipo Lincoln anaima pa choonadi. Koma malankhulidwe oti wa chipani china si munthu wolakwitsa chabe, ndi mdani wa dziko, ndimawamva kuno tsiku ndi tsiku, pawailesi ndi pa Facebook pomwe. Mu Okutobala 2022 munthu analowa m'nyumba ya Nancy Pelosi, wa Democratic Party, amene panthawiyo anali sipikala wa nyumba ya malamulo, ku San Francisco nkuvulaza amuna awo ndi hamala. Pa 13 Julaye 2024 Trump anaomberedwa pakhutu pamsonkhano ku Butler, Pennsylvania, ndipo bambo wina amene anangobwera kudzamvera anafera pomwepo. Ana anga akukulira m'dziko limeneli, ndipo ndimada nkhawa.

Kuseri kwa nyumba zathu zitatuzi kuli katsetse kodzaza udzu wouma wofika m'chiuno. Lamulo la kuno limafuna kuti m'madera a ngozi munthu alambule mafiti 100 kuzungulira nyumba yake, koma kulambula kwa ine ndekha sikungathandize ngati mbali ziwirizi zikhala chomwecho. Dzulo ndinagogoda kwa onse awiri kuwapempha kuti Loweruka likudzali tigwirire limodzi ntchitoyi. Wina wavomera, wati abweretsa makina ake otchetchera. Winayo anayamba wafunsa ngati mnzakeyo adzakhalepo, kenako anati aganizire. Ndidzakuuzani mmene zidzathere.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mundiyankhe msanga, ndipo mundiuze ngati mwendo uja unasiya kukuvutani.

Ndine mnzanu wa nthawi zonse.