Kalata yotseguka kwa Wapampando wa Khonsolo: mpopi uja unali wouma

Olemekezeka a Wapampando,

Landirani moni wanga ndi ulemu woyenera udindo wanu. Malonje sindichulutsa, chifukwa makalata atatu amene ndinalembera ofesi yanu anali ndi malonje okwanira, koma palibe ngakhale imodzi imene inayankhidwa. Ndinabwerakonso ndekha kawiri. Ulendo woyamba ndinakhala pabenchi mpaka nthawi yoweruka, ulendo wachiwiri anandiuza kuti nkhani yanga ili m'manja mwa komiti. Tsopano chilimwe china chafika pakhomo, udzu wayamba kale kufiira, ndiye ndati ndilembe poyera kuti tonse amene timadalira galimoto imodzi ija yozimitsira moto tiwerenge pamodzi.

Ine ndine mkazi wa mmodzi mwa ozimitsa moto ongodzipereka a m'dera lanu. Amuna anga salandira kanthu pa ntchito imeneyi. Amakonza magalimoto kuti tidye, ndipo foni ikalira amaponya sipanala pansi n'kuthamanga. Anzawo nawonso ndi choncho: wina ndi mphunzitsi, wina kalipentala, mayi wina ndi namwino amene nthawi zina amafika pamoto asanagone chichokereni kuntchito ya usiku. Anthu amenewa ayenera ayambe achoka komwe ali, afike kumene kumakhala galimoto, avale, ndiyeno anyamuke. Akamafika moto umakhala utayamba kale kudya, ndipo pa ichi palibe amene amawadzudzula. Chimene sitingapirire n'chakuti afike, atathamanga chotero, n'kupeza kuti palibe chozimitsira.

Mundilole ndikuuzeni za tsiku limodzi lokha la chilimwe chathachi, popeza lipoti limene linafika patebulo panu liyenera kuti linangoti nyumba imodzi yapsa, palibe womwalira.

Anali masana, dzuwa likuswa mtengo, chimphepo chouma chikuwomba. Moto unabuka pamalo a khonsolo aja opanda nyumba, kuseri kwa mzere wathu, pomwe udzu unali wofika pachifuwa. Ndi malo omwewo amene ndinakulemberani m'kalata yanga yoyamba kuti atchetchedwe. Malawi amoto sanafike n'komwe pampanda. Chimene chinafika ndi timakala toyaka, touluka ndi mphepo ngati ziwala, ndipo kamodzi kanagwera mungalande ya padenga la agogo ena oyandikana nafe, momwe munali mutadzaza masamba ouma. Nyumba zambiri zimene zimapsa ndi moto wa m'tchire zimayaka motero, ndipo timakalato timatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi mphepo ikakula.

Galimoto inafika, anyamata anatambasula payipi, madzi anayamba kutuluka, ife tinayamba kupuma. Koma thanki ya galimoto ngati yathuyi imanyamula malita pafupifupi 3,000, ndipo payipi imodzi imatha kutulutsa malita 400 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Werengani nokha, Bwana: mphindi 10 sizikwana madziwo asanathe. Madzi a m'thanki ndi oyambira chabe, podikira kuti alumikize kumpopi wa ozimitsa moto wa mumsewu. Mpopi umenewo ulipo, pamphambano, masitepe ochepa kuchokera pageti pa agogowo. Unapakidwa utoto wofiira wowala bwino chaka chija munabwera kudzationa.

Amuna awiri analimbana ndi chotsekera chake, chimene chinali chitagwirana ndi dzimbiri. Anachimenya, anachikoka ndi chitsulo, mmodzi mpaka anasupuka chikhatho. Chitatseguka, mpopiwo unangotulutsa mpweya, kulavula matope ofiira okwana mwina chidebe chimodzi, kenako zii. Phokoso la mpweya uja ndimalimvabe ndikagona. Mnyamata amene anagwira payipi kutsogolo anaimirira pomwepo, payipi italefuka m'manja mwake, denga likuthetheka pamaso pake, misozi ikutsika pankhope yodzaza mwaye. Galimoto inatembenuka kukasaka madzi kwina. Ife amayi tinathamanga ndi ndowa, koma ndowa ingachitenji padenga loyaka?

Nthawi imeneyo ndi pomwe agogo aja anakuwa kuti mdzukulu wawo sakumuona. Mwana wamng'ono akaona utsi sathawira panja, amabisala kunsi kwa bedi kapena m'kabati, ndipo wozimitsa moto aliyense amadziwa zimenezi. Gulu lonseli lili ndi zida ziwiri zokha zopumira mu utsi. Chimodzi silinda yake inali itatha mpweya, chinacho chinali pamsana pa mnzawo amene anazungulira kukhomo la kuseri. Amuna anga ananyowetsa malaya, kudzimanga kumphuno, n'kukwawa kulowa pakhomo lakumaso. Ndinawaona ndi maso angawa akulowa, utsi wakuda n'kuwameza. Iwo amadziwa bwino lomwe kuti nsalu yonyowa imangotchinga mwaye, siletsa mpweya wakupha wa carbon monoxide, umene sununkha ndiponso suoneka, umangomufoola munthu mpaka kukomoka. Amaphunzitsa anzawo kuti asadzachite zimene iwo anachita tsikulo. Koma mwana anali m'katimo.

Anatuluka naye atamukumbatira, onse awiri n'kugwera pabwalo. Mwanayo anachira, tikuthokoza Mulungu. Amuna anga anagona m'chipatala, anakhala masabata akutsokomola zakuda, ndipo mpaka lero akakwera kamtunda amaima kaye kuti apume. Nthawi yonse imene anali chigonere pakhomo pathu panalibe cholowa. Galimoto pobwera ndi madzi inapeza denga litagwa kale. Agogo aja anatsala ndi zovala za m'thupi, ndipo pano akusungidwa ndi achibale. Kuchokera ku ofesi yanu kunabwera kalata yoyamikira kulimba mtima kwa gululi. Taisunga, ndipo sindikuinyoza. Koma mpopi uja ndinakauona dzulo, ukadali momwe unalili, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ulibenso chotsekera.

Mwina mudzati chitetezo cha nyumba chimayambira kwa eni nyumba. Ndikuvomereza, ndipo mbali yathu tachita. Chichitikireni ngoziyo, ongodziperekawo akhala akuyenda khomo ndi khomo pa masiku awo opuma. Tachotsa masamba padenga ndi m'ngalande. Nkhuni, matayala akale ndi zinyalala tazisuntha kuti pasakhale choyaka chilichonse pa mita imodzi ndi theka kuzungulira khoma, udzu tautchetcha mpaka mamita 10, nthambi zogwera padenga tazidula. Amene angathe agula ma alamu a utsi, ndipo aphunzitsidwa kuwayesa mwezi uliwonse, kusintha batire chaka ndi chaka, ndi kugula atsopano pakatha zaka 10. Ana athu akudziwa kukwawa pansi pa utsi, kudzigwetsa n'kugubuduka zovala zikayaka, ndiponso malo okumanirana panja. Tikudziwa kuti mafuta ophikira akayaka sathirapo madzi koma kuvundikira poto, kuti gasi akamanunkha suyatsa kapena kuzimitsa magetsi, kuti bala lamoto amalithira madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Tauzidwanso kuti m'nyumba za masiku ano, zodzaza mipando ya siponji ndi mapulasitiki, munthu akhoza kukhala ndi mphindi zitatu zokha zoti atuluke, ndi kuti ambiri amafa ndi utsi moto usanawakhudze. Zonsezi tazimva ndipo tikuzitsata. Koma ine sindingakonze paipi ya madzi ya pansi pa msewu. Sindingatchetche malo a khonsolo, paja tinayesa kale ndipo tinauzidwa kuti tikulowa malo a eni popanda chilolezo.

Ndipo mpopi umenewu suli wokha. Ina inakwiririka ndi dothi pomwe ankakonza msewu, ina anthu amaimikapo magalimoto chifukwa palibe chizindikiro. Nyumba zambiri zilibe manambala ooneka usiku, moti galimoto imazungulira kufunsa njira. Timisewu tina tinapanikizidwa ndi mipanda mpaka galimoto yaikulu singalowe. Majekete a ozimitsa moto ndi ong'ambika, magolovesi amabwerekana, mawailesi olumikizirana amagwira akafuna, ndipo mafuta a galimoto kangapo konse asonkha okha kuchokera m'matumba mwawo. Nthambi za mitengo zikukhudza mawaya amagetsi m'mbali mwa msewu waukulu. Kudzala lotayako zinyalala kumafuka utsi sabata iliyonse.

Bwana Wapampando, ine ndinalipo tsiku limene munaima kutsogolo kwa galimoto ija musanasankhidwe. Munagwira chanza aliyense wa ongodziperekawo, amuna anga omwe. Munalonjeza kuti mipopi yonse idzayesedwa chilimwe chisanafike, kuti mudzagula zida zopumira zokwanira, ndi kuti malo onse a khonsolo adzalambulidwa chaka ndi chaka. Ndinawomba m'manja ndi mtima wonse, ndipo ndinakuvoterani. Chaka chotsatira anatiuza kuti ndalama zinapita ku zina zofunika msanga. Chaka chinacho anati akudikira kuti apeze kontilakita. Utoto wofiira uja wokha ndi umene unafika pa nthawi yake. Sindikunena kuti ndinu munthu woipa mtima, ndikudziwa kuti pakhomo la ofesi yanu pamagogoda anthu ambiri, a misewu, a zipatala, a sukulu. Koma dandaulo la msewu lingadikire chaka china munthu osafa, pomwe moto sudikira kuti komiti ikumane.

Kudalira ongodzipereka pakokha si vuto. Ku Chile ozimitsa moto onse ndi ongodzipereka, kuyambira gulu loyamba limene linakhazikitsidwa ku Valparaíso mu 1851. Ku Germany alipo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ndi amene amateteza matauni ang'onoang'ono ndi midzi yambiri. Koma ku Germany lamulo limakakamiza khonsolo kuwapatsa zida ndi kuonetsetsa kuti madzi ozimitsira moto alipo. Munthu amapereka thupi lake ndi nthawi yake, boma la m'dera limapereka madzi ndi zida. Kuno tatenga theka la panganolo, theka la anthu osalipidwa, linalo talisiya.

Ndikamalankhula za udzu anthu ena amandiona ngati ndikukuza nkhani. Akumbukire Lahaina, ku Hawaii, mu Ogasiti 2023. Udzu wouma wa m'minda yakale yosiyidwa, chimphepo ndi mawaya amagetsi ogwa zinapsereza mbali yaikulu ya tauniyo, anthu pafupifupi 100 anafa, ndipo ozimitsa moto ali pakati pa ntchito madzi m'mipopi anayamba kuchepa mphamvu. Ku Mati, pafupi ndi Athens ku Greece, mu Julayi 2018, anthu oposa 100 anafa pa moto wa m'tchire, ambiri atatsekerezeka m'timisewu topanikiza akuthawira kunyanja. Udzu wosatchetcha, mipopi yopanda madzi, misewu yopanikiza: zonse zitatuzi ife tili nazo. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire lalikulu limene latsala pakati pa nyumba zathu ndi la khonsolo yanu.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Mwezi uno usanathe, tumizani amisiri anu a madzi ayende ndi ongodziperekawa, atsegule mpopi uliwonse m'dera lino, aone ngati ukutulutsa madzi ndiponso ndi mphamvu yotani. Zotsatira zake muzimate poyera, kuti aliyense adziwe ngati mpopi wa pafupi ndi nyumba yake uli wamoyo kapena wakufa. Yakufayo ikonzedwe, kuyambira ndi wa pamphambano pathu, ndipo pomwe kukonza kungachedwe muikepo thanki yodzaza madzi. Malo a khonsolo atchetchedwe ndi kulambulidwa m'malire kutentha kusanafike pachimake; ngati antchito ndi ochepa, tipatseni chilolezo cholembedwa, zikwanje tili nazo. Gulani zida zopumira zokwanira aliyense wolowa m'nyumba yoyaka, ndi njira yodzazira masilinda ake. Ndipo mutiuze molemba kuti wongodzipereka akavulala pantchitoyi, chipatala ndi banja lake aziona ndani, chifukwa ife tinadzionera tokha.

Pamsonkhano wa khonsolo ukubwerawu ndidzakhalapo, pamodzi ndi akazi ndi amuna a ozimitsa moto enawo, ndipo agogo aja anena kuti abwera ndi mdzukulu wawo. Tikufuna kudzamva kuchokera pakamwa panu tsiku limene kuyesa mipopi kudzayambe. Amuna anga ndinawapempha kuti asiye ntchitoyi ndipo anakana, akuti mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Foni yawo amagona nayo kumutu mpaka lero, ndipo ikadzalira adzapita, kaya mpopi wakonzedwa kaya ayi.

Ine wanu mwaulemu,
Mkazi wa wozimitsa moto wongodzipereka, wokhala m'dera lanu